Makompyuta a boma ndi mabungwe: kodi kiyi ali ndi yani?

TETE — Palibe munthu wa m'chigawo chino amene sadamvepo mawu akuti "não há sistema". Munthu amalawira mbandakucha kuchokera ku Furancungo kapena ku Tsangano, nalipira chapa, naima pa bicha dzuwa la mu Tete lili pamutu, ndipo akafika pa windo la ofesi amangolandira mawu atatu amenewa. Kawirikawiri wantchito amene wawanenayo sakhala akunama kapena kuchita ulesi. Nthawi zina vuto limakhala la magetsi, nthawi zina rede ndiyo yathawa. Koma pali vuto lina lomwe silikambidwa kwambiri, ndipo ndi lomwe tikufuna kuti tikambirane lero: maofesi ambiri amagwira ntchito ndi mapulogalamu omwe iwo eni alibe chilolezo chowatsegula kapena kuwakonza. Kiyi wake ali ndi munthu wina, ku Maputo kapena kutsidya kwa nyanja.

Ambiri a inu awerengi mukukumbukira zomwe zidachitika Lachisanu pa 16 Novembala 2018. Makina otapira ndalama a mabanki ambiri m'dziko muno adaleka kugwira ntchito, pamodzi ndi timakina tolipirira ndi khadi m'masitolo ndi pothirira mafuta. Magetsi adalipo, ndalama m'mabanki zidalimo, ndipo palibe mbava idathyola paliponse. Chidachitika n'chakuti bungwe la SIMO, lomwe limalumikiza mabanki, lidasemphana pa za malipiro ndi chiphaso ndi kampani ya ku Portugal yotchedwa BizFirst, mwini pulogalamu yomwe inkayendetsa ntchitoyo. Pulogalamuyo idaima. Padatenga pafupifupi masiku 5 kuti zinthu zibwerere m'chimake, ndipo mwezi wotsatira Banco de Moçambique idasaina mgwirizano ndi kampani ina, Euronet ya ku America.

Sitili pano kuti tiweruze amene adalakwa pa mkanganowo. Chomwe dziko lidaona ndi maso n'chakuti amene wasunga kiyi wa pulogalamu akhoza kuimitsa ntchito ya anthu mamiliyoni iye ali khale kwawo. Funso la kiyi limeneli ndi lomwe likuchititsa kuti m'maiko ambiri nthambi za boma ndi mabungwe omwe si aboma azilimbikitsidwa kusankha mapulogalamu otseguka, omwe pa Chipwitikizi amatchedwa software livre kapena código aberto.

Chigayo chokhoma ndi chigayo chosakhoma

Pulogalamu ya kompyuta ndi malangizo olembedwa ndi anthu, mzere ndi mzere, ouza makina chochita. Malemba amenewa akatswiri amawatcha código. Makampani ambiri amagulitsa chilolezo chogwiritsira ntchito pulogalamu, koma código amaibisa. Wogula amakhala ngati mudzi womwe wagula chigayo chomwe injini yake yakhomedwa ndi loko, kiyi n'kutsala kwa wogulitsa. Chigayocho chikhoza kukhala chabwino ndithu, chogaya ufa wosalala. Koma tsiku lomwe lamba waduka, ngakhale m'mudzimo muli makaniko wodziwa, anthu amayenera kudikira mwini wake, pa mtengo womwe iye wanena. Akatseka sitolo yake kapena akakwiya, amayi amabwerera ku mtondo.

Pulogalamu yotseguka ndi chigayo chomwe chimabwera chosakhoma, ndi buku lake lofotokoza chitsulo chilichonse. Chiphaso chake chimapereka maufulu 4: kuigwiritsa ntchito pa chilichonse, kuona m'mene idalembedwera, kuisintha kuti igwirizane ndi zosowa zanu, ndiponso kugawira ena. Maganizo amenewa adayamba kufalikira mu 1983 pamene Richard Stallman wa ku America adayambitsa ntchito ya GNU, ndipo mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa ku Finland, adatulutsa Linux. Lero makompyuta ambiri osunga masamba a pa intaneti amayendera Linux, ndipo foni ya Android yomwe ili m'thumba mwanu idamangidwa pa maziko omwewo.

Kumbali ya masamba a pa intaneti, pulogalamu yotseguka ya WordPress, yomwe idatuluka mu 2003, pofika mu 2024 inkayendetsa masamba oposa 40 pa masamba 100 alionse a dziko lapansi. Mu 2009 tsamba la White House, nyumba ya mtsogoleri wa America, lidasamutsidwira pa pulogalamu ina yotseguka yotchedwa Drupal. Ku Brasil boma lidatsegula Portal do Software Público mu 2007, malo omwe nthambi ina ya boma imaikapo pulogalamu yomwe yalemba kuti zinzake zitenge osalipira. Imodzi mwa izo ndi i-Educar, yoyendetsera kaundula wa masukulu, yomwe idalembedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Itajaí kenaka n'kutengedwa ndi makhonsolo ena. Popeza zonsezi zili m'Chipwitikizi, tekiniko wa kuno akhoza kuziwerenga popanda womasulira.

Chitsanzo chili m'zipatala zathu

Sitikufunika kupita kutali kuti tione pulogalamu yotseguka ikugwira ntchito ya boma. Ili kale m'maofesi a zaumoyo a ku Ulongwe, Moatize, Fingoè ndi Metangula. Antchito a zaumoyo amaidziwa ndi dzina lakuti SIS-MA, koma m'kati mwake ndi pulogalamu yotchedwa DHIS2, yomwe kalembedwe kake kamatsogoleredwa ndi University of Oslo ya ku Norway.

Ntchito yake ndi iyi. Namwino wa pa chipatala chaching'ono amalemba m'kaundula ana omwe abayidwa katemera, amayi omwe achira, odwala malungo ndi mankhwala omwe atsala. Mwezi ukatha amaphatikiza ziwerengerozo pa pepala limodzi, lomwe limapita ku ofesi ya zaumoyo ya distrito. Kumeneko wa chiwerengero amazilowetsa mu kompyuta kudzera pa intaneti. Akangomaliza, akuluakulu a zaumoyo mu Tete ndi a ku unduna ku Maputo amatha kuziona nthawi yomweyo. Kale, pa nthawi ya pulogalamu yotchedwa Módulo Básico, kompyuta iliyonse inkasunga zake, ndipo mafayilo ankayenda kuchoka ku distrito kupita ku chigawo, kuchoka ku chigawo kupita ku likulu, ena n'kumachedwa panjira.

Kuchedwa kwa chiwerengero cha zaumoyo kumalipiridwa ndi miyoyo. Kolera yemwe adayamba m'boma la Lago ku Niassa mu Seputembala 2022 adafalikira m'zigawo zina, kuphatikizapo chino cha Tete, ndipo nthawi yomweyo anzathu a ku Malawi adali pa mliri waukulu womwe udapha anthu oposa 1,700. Chaka chomwecho cha 2022 matenda a poliyo adapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale, ndipo mu Meyi adalengezedwa m'chigawo chino. Pa nthawi ngati imeneyi, wogawa mankhwala ndi katemera amafuna kudziwa lero lomwe kuti odwala achuluka kuti. Matenda saima pa Zóbuè kapena pa Calómuè kudikira chidindo. N'chifukwa chake n'zothandiza kuti Malawi ndi Zambia nawonso amagwiritsa ntchito DHIS2: maiko akagwirizana zosinthana ziwerengero, makina awo amakhala akulankhula kale chinenero chimodzi.

Poyamba zidakanika

Mbiri ya pulogalamu imeneyi m'dziko muno ili ndi phunziro lomwe olimbikitsa mapulogalamu otseguka sayenera kulibisa. DHIS idabadwira ku South Africa pambuyo pa chisankho cha 1994, pamene boma latsopano lidapeza ntchito zaumoyo zili zogawikana malinga ndi mtundu wa khungu, ndipo lidafuna njira imodzi yosonkhanitsira ziwerengero. Akatswiri a ku Cape Town ndi a ku Oslo adagwirizana pa ntchito yomwe idatchedwa HISP. Cha m'ma 2000 pulogalamu yoyambayo idayesedwa kuno m'zigawo za Gaza, Inhambane ndi Niassa, mothandizana ndi Universidade Eduardo Mondlane.

Sidazike mizu. Pulogalamuyo idali yaulere, koma m'madistrito makompyuta adali ochepa, magetsi adali osadalirika, ndipo anthu odziwa kuisamala adali owerengeka. Unduna udapitiriza ndi njira zina. Padapita zaka zoposa 10 kuti nkhaniyi ibwerenso.

M'zaka zimenezo pulogalamuyo idalembedwanso kuti iziyenda pa intaneti, n'kutchedwa DHIS2. Idayamba kugwira ntchito mu 2006 m'chigawo cha Kerala ku India. Kenya idaifalitsa dziko lonse mu 2011, ndipo maiko ena a mu Africa adatsatira. Kuno SIS-MA idafalitsidwa m'zigawo m'zaka za 2015 ndi 2016, ulendo uno unduna utatsogola, intaneti ya m'mafoni itafika m'madistrito, ndiponso antchito ataphunzitsidwa. Lero DHIS2 ikugwiritsidwa ntchito ndi maunduna a zaumoyo m'maiko oposa 70.

Ubwino wa kugawana udaoneka bwino mu 2020. Mliri wa Covid-19 utangoyamba, akatswiri a ku Sri Lanka adasintha DHIS2 m'masiku ochepa kuti izitsata apaulendo ndi odwala. Zomwe adapangazo zidakonzedwanso n'kugawidwa, ndipo maiko ambiri adazitenga osagula. Ngakhale makhonsolo ena a ku Norway komweko adagwiritsa ntchito DHIS2 potsata omwe adakhudzana ndi odwala. Chida chomwe chidasulidwira maiko osauka chidakathandiza kwa olemera. Mutu umodzi susenza denga.

Pulojekiti ikatha, chimatsala n'chiyani?

Mabungwe omwe si aboma ali ndi bala lawolawo. Aliyense amene wagwirapo ntchito m'mabungwe amadziwa m'mene zimayendera. Pulojekiti ya zaka 3 imabwera ndi ndalama. Amalemba kampani kuti ipange tsamba la pa intaneti ndi kaundula wa alimi, wa ana amasiye kapena wa mijigo. Pa tsiku lotsegulira pamakhala zolankhula ndi zoziziritsa kukhosi. Zaka 3 zikatha ndalama zolipirira chiphaso zimatha, tekiniko yemwe ankadziwa senha amapeza ntchito kwina, ndipo tsamba limazima. Maina a alimi masauzande omwe adalembedwa ndi anthu oyenda pa njinga m'matope amatsekeredwa m'makina omwe palibe angawatsegule. Pulojekiti yotsatira ikabwera, alimi omwewo amaitanidwanso pansi pa mtengo kuti alembetse kachiwiri.

Chaka cha 2025 chidaonetsa kuti thandizo likhoza kuduka popanda kutsanzika. Mu Januwale boma la America lidaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo pakati pa chaka bungwe la USAID lidatsekedwa. Mabungwe ambiri m'dziko muno adachepetsa antchito, ena adatseka zitseko. Pa nthawi yotere bungwe lomwe kaundula wake ali pa pulogalamu yotseguka limakhala ndi potulukira: likhoza kusamutsira zonse pa kompyuta yotsika mtengo, kupereka ku ofesi ya boma, kapena kusiyira bungwe linzake, popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Zida zake zilipo kale. Pa kalembera wa kumidzi pali ODK, yomwe idayamba mu 2008, ndi KoboToolbox. Mafunso amaikidwa mu foni, m'Chichewa, m'Chinyungwe kapena m'Chipwitikizi, ndipo wolemba amagwira ntchito ngakhale komwe kulibe rede. Akafika pomwe foni ikugwira, mayankho amatumizidwa. Pa tsamba la bungwe pali WordPress. Pa maphunziro a patali pali Moodle, yomwe masukulu aukachenjede ambiri amagwiritsa ntchito. Ku Kenya, pa zipolowe zomwe zidatsatira chisankho cha Disembala 2007, achinyamata odziwa makompyuta adalemba Ushahidi, yoika pa mapu malipoti otumizidwa ndi anthu wamba, ndipo mu 2010 pulogalamu yomweyo idathandiza pa chivomezi cha ku Haiti.

Walira mvula walira matope

Tsopano tinene mbali inayo, popeza wogulitsa mbuzi amene satchula chilema chake ndi wakuba. Pulogalamu yotseguka ilibe mtengo wa chiphaso, koma imadya ndalama. Pamafunika kompyuta yoisungira, intaneti, magetsi, ndipo koposa zonse pamafunika munthu wolipidwa woisamala. Ofesi yomwe ikuganiza kuti ichotsa ndalama zonse za makompyuta mu bajeti chifukwa yatenga chaulere ikudzinamiza, ndipo zidzaichitikira zomwe zidachitika ku Gaza, Inhambane ndi Niassa ulendo woyamba uja.

Chachiwiri ndi chitetezo. Ena amaopa kuti código ikakhala poyera ndiye kuti zinsinsi za anthu zili poyeranso. Si choncho. Aliyense akhoza kudziwa m'mene loko amapangidwira, koma zimenezo sizimpatsa kiyi wa nyumba yanu. Dzina la wodwala amene akumwa ma ARV limatetezedwa ndi senha ndi malamulo a ofesi, kaya pulogalamu ndi yotseguka kapena yogula. Komabe mapulogalamu otseguka nawonso amapezeka ndi ming'alu. Mu Epulo 2014 mng'alu wotchedwa Heartbleed udapezeka mu OpenSSL, pulogalamu yomwe inkateteza masamba ambirimbiri, ndipo dziko lidadabwa kumva kuti inkasamalidwa ndi anthu ochepa kwambiri, ndi ndalama zochepa. Chigamba chidatuluka msanga, koma chigamba chimathandiza yekhayo amene wachimata. Tsamba la WordPress lomwe lasiyidwa chaka chathunthu osakonzedwa lili ngati nkhokwe yopanda chitseko.

Chachitatu ndi kupirira kwa atsogoleri. Mzinda wa Munich ku Germany udasankha Linux mu 2003, ndipo pofika mu 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 a khonsolo adali atasamutsidwa. Mu 2017, utsogoleri utasintha, khonsolo idavota zobwerera ku Windows. Ndalama zidapita popita, zina pobwerera. Ofesi yomwe isintha njira nthawi iliyonse yomwe kwabwera bwana watsopano idzaluza, kaya yasankha mtundu uti.

Ndiye phindu lili pati? Lili pa komwe ndalama ikupita ndi pa amene ali ndi mphamvu. Metical yomwe yalipira chiphaso imatuluka m'dziko chaka ndi chaka. Metical yomwe yalipira tekiniko imagula mbatata ya ku Tsangano ndi kulipira sukulu ya mwana mu Tete. Achinyamata omwe akumaliza maphunziro a makompyuta pa Instituto Superior Politécnico de Tete ndi masukulu ena akhoza kuwerenga código ya DHIS2 kapena ya WordPress kuchokera pa intaneti, kuiphunzira, ndi kupeza nayo ntchito. Ndipo ofesi ikasemphana ndi kampani yomwe imaisamalira pulogalamu, ikhoza kuitana kampani ina, ntchito osaima.

Zofunsa musanasaine

Nkhani imeneyi si ya akatswiri a makompyuta okha. Amene amasaina mgwirizano ndi mkulu wa ofesi, mlembi wa khonsolo kapena komiti ya bungwe, ndipo ambiri a iwo sadalembepo mzere wa código. Safunika kutero. Chomwe akufunika ndi mafunso ochepa, omwe ayenera kuyankhidwa pa pepala asanaike chidindo.

Loyamba: kodi pa ntchito imeneyi palibe kale pulogalamu yotseguka, kapena yomwe nthambi ina ya boma idalipira kale? Ndalama za msonkho zisagule chinthu chimodzi kawiri.

Lachiwiri: ngati kampani ikutilembera pulogalamu yatsopano, kodi código idzakhala ya yani ntchito ikatha? Chomwe chalipiridwa ndi ndalama za anthu chiperekedwe kwa anthu, pamodzi ndi buku lake.

Lachitatu: kodi dzina la tsamba lathu ndi senha zake zalembetsedwa m'dzina la ofesi kapena la munthu? Anthu amasamutsidwa, amachoka, amamwalira. Senha zikhale ndi anthu osachepera 2, ndipo zisungidwe motsekeredwa.

Lachinayi: kodi tikafuna kuchoka, tingatulutse kaundula wathu yense m'mafayilo omwe pulogalamu ina ikhoza kuwerenga? Muuzeni wogulitsayo akuonetseni pomwepo, inu mukuona.

Lachisanu: kodi ndani wa muno mu ofesi aphunzitsidwe, ndipo ndalama zosamalira pulogalamuyi chaka chamawa ndi china chikubwerachi zili pa mzere uti wa bajeti?

Lachisanu ndi chimodzi: kodi kope la kaundula wathu likusungidwa kuti, kangati pa mwezi, ndipo ndani adayesapo kulibwezeretsa?

Wogulitsa wachilungamo, kaya wa pulogalamu yotseguka kapena yogula, sadzakwiya ndi mafunso amenewa. Amene ayamba kuzungulira powayankha wakuuzani kale zomwe mumafuna kudziwa. Nawo opereka thandizo ali ndi mbali yawo: m'malo mobwera aliyense ndi pulogalamu yakeyake, mpaka namwino mmodzi kumalemba chiwerengero chimodzi m'makina atatu, ayenera kuyamba afunsa chomwe boma likugwiritsa kale ntchito, n'kuthira ndalama zawo pomwepo.

Palibe akunena kuti mawa m'mawa maofesi onse afufute zomwe zili m'makompyuta awo. Pali ntchito zina zomwe pulogalamu yogula imachita bwino, ndipo kusintha mothamanga kumasokoneza antchito. Poyambira pabwino ndi pa chinthu chatsopano: tsamba la khonsolo lomwe likufuna kupangidwa, kalembera wa alimi yemwe akubwera, kaundula wa mijigo yemwe adakali m'makope. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Mayi wa ku Furancungo uja, amene waima pa bicha ndi mwana kumbuyo, sadzafunsa dzina la pulogalamu yomwe ili kuseri kwa windo. Iye akufuna chikalata chake kuti apeze chapa yomaliza dzuwa lisanalowe. Koma tsiku lomwe sistema yagwa, kutalika kwa nthawi yomwe adikire kudzadalira chinthu chimodzi chomwe chidasainidwa kale iye kulibe: kaya wokonza ali mu Tete momwemuno ndi kiyi m'manja, kapena ali kutali akudikira kuti alipidwe. Inu akuluakulu a maofesi ndi a mabungwe, pamene mgwirizano wina wa makompyuta ufika pa tebulo panu, funsani za kiyi musanatenge cholembera.